Madzi a m'Galimoto ya Apongozi

A Ignasio Chadewa anabadwira ku Bembeke, m'mapiri a Dedza, ndipo moyo wawo wonse anadyera chiwongolero. Anayamba ngati wothandiza pa lole yonyamula mbatata ya kachewere kupita ku Lilongwe, kenako anakhala dalaivala wa lole yomweyo, ndipo zaka zambiri zomaliza anayendetsa ambulansi ya chipatala china cha mishoni mpaka mutu unachita mbuu. Anzawo a ntchito ankawatcha a Nanga, chifukwa mawu awo ambiri ankayamba ndi liwu limeneli. "Nanga utsi uwu wayera bwanji lero?" "Nanga tayala ili likudyeka mbali imodzi chifukwa chiyani?" Galimoto ikakhala kwa makaniko, madalaivala ena ankapita kukasewera bawo, koma a Chadewa ankaima pamsana pa makanikoyo, mutu uli m'injini momwemo, mpaka ena ankawatuma dala kukagula ndudu kutali kuti apumeko mafunso.

Mayi a kunyumba atamwalira, mwana wawo Tawina, amene anakwatiwa n'kukakhala ku Australia, anawaitana kuti akapumeko maganizo kwa miyezi itatu. Anafika ku Perth mu Febuluwale 2020, dzuwa likuswa mtengo. Asanazolowere n'komwe kuti kumeneko munthu umadikira kuti kamunthu ka pa loboti kasanduke kobiriwira ngakhale msewu uli mbee, mliri wa korona unatseka dziko. Ndege zinaima, kwawo nakonso anatseka bwalo, ndipo tsiku lobwerera linangosowa ngati singano m'udzu.

Nyumba ya Tawina inali ku Maddington, m'kamsewu kabata kosatalikirana ndi mafakitale. Tawina ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba, ndipo ankanyamuka kusanache bwino. Mwamuna wake, Luwayo, anali wa zamagetsi ku mgodi wina wa chitsulo kumpoto kwenikweni, kumene antchito amapita ndi kubwera pa ndege, ndipo chifukwa cha matendawo masabata okhala kumgodi anawonjezedwa. Choncho a Chadewa ankatsala okha tsiku lonse. Ankasesa pabwalo posesedwa kale, kuthirira mpiru umene anadzala kuseri, ndi kumvera Misa pa foni Lamlungu.

Luwayo akabwera, zinthu sizinkasintha kwenikweni. Anali mkamwini waulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unkawatsekereza. "Mwadzuka bwanji, Bambo?" "Ndadzuka, kaya inu apongozi?" Zikatha apo, aliyense ankafuna poyang'ana.

Pakhomopo panali galimoto imodzi, yotuwa, yokwera m'mwamba pang'ono. Anaigula ndi Luwayo ndipo ankaikonda mochita kuonekera, koma woiyendetsa tsiku ndi tsiku anali Tawina. Inkagona panja pansi pa chimtengo chachikulu cha m'mphepete mwa msewu, popeza pakhumbi pake panadzaza migolo ya katundu wodikira kutumizidwa kumudzi. Laisensi ya a Chadewa inali itatha kalekale, ndiye za kuyendetsa sankaziganiza. Koma Tawina akafika masana, iwo ankatuluka, kuizungulira, kugunda tayala ndi nsonga ya nsapato, kuika kuseri kwa dzanja pa boneti kumva kutentha kwake. Kutsegula ayi. Galimoto ya mpongozi ili ngati chipinda chake, sulowamo popanda odi.

Tsiku lina chakumapeto kwa Epulo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, anaona mayi wokhala nyumba yoyandikana atawerama pa galasi la galimoto yake yakale, akuchotsa mawaipa. Anali mzungu wachikulire, wamfupi, wa tsitsi lometa ngati mnyamata. Ankapatsana moni wa dzanja basi. A Chadewa anayesa kupirira, anasesa uku ndi uku, koma tsache linawafikitsa pampanda.

"Pepani mayi," anatero m'Chingerezi chawo cha kumishoni, ataima patali monga mwa lamulo la masiku amenewo. "Nanga mawaipa mukuwasinthiranji kopanda mvula?"

"Chifukwa ikubwera," anayankha mayiyo osatukula mutu. "Chisanu chayandikira."

"Chisanu ndamva. Koma ine ndikunena mvula."

"Ndi chimodzimodzi. Kuno kukazizira ndiye kugwa mvula. Juni, Julayi, Ogasiti, mudzatopa nayo."

A Chadewa anaseka, akuganiza kuti mayiyo akungocheza. Kuzizira ankakudziwa, munthu wa ku Bembeke sauzidwa za Juni. Mvula nayonso ankaidziwa, anakokapo ambulansi m'matope a Januwale kangapo konse. Koma Juni ndi mwezi wa fumbi, wa milomo yosweka ndi wa kuotha moto, ndipo dzinja limabwera ndi thukuta. Kuti dzinja ndi chisanu zifike tsiku limodzi ngati alendo opangana, zimenezo anali asanazimvepo.

Mayiyo dzina lake anali Ursula. Anali wamasiye ngati iwo, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri kumalo osungira katundu ku Kewdale, poyamba akuyendetsa kagalimoto ka mafoloko konyamulira mabokosi, kenako akugawa maulendo a malole. Atamva kuti mnansi wakeyo anali dalaivala, anaweramuka n'kuwayang'ana bwino. Dzina lakuti Ignasio linamulemera pakamwa, analidula pomwepo n'kukhala Igi. A Chadewa anadzidzimuka pang'ono. Chimwalirire amayi awo owabereka, panalibe munthu amene anawatchulapo dzina lopanda "a" kutsogolo. Koma analeka, poti funso lina linali litafika kale pamlomo.

"Nanga mawaipawo atha bwanji, poti chibwerere ine sanagwirepo ntchito?"

Ursula anawaponyera lakalelo pamwamba pa mpanda. Mphira yake inali youma gwa, yong'ambikang'ambika ngati chidendene cha munthu wolima m'chilimwe.

"Si mvula imawadya, ndi dzuwa," anatero. "Kaoneni anuwo."

Anapita kukaona. A galimoto ya apongozi anali chimodzimodzi, ndipo limodzi mphira inali italekana ndi chitsulo kunsonga.

Madzulo ake anauza Tawina, ndipo Tawina anati nkhani ya galimoto ndi ya eni ake. Luwayo ataimba foni ya kanema, ali m'malaya ake achikasu ofiira ndi fumbi, mkazi wake anamufotokozera kuti Ababa akufuna aione galimoto mvula isanayambe.

"Aa, Bambo, mpaka kupempha?" anatero Luwayo. "Galimotoyo ndi yanu."

A Chadewa anathokoza n'kuchokapo kuti ana acheze. Ali m'khonde anamva mawu a mkamwini atatsika. "Koma mawaya asakhudze, mwamva? Muli kompyuta mmenemo."

Sanakhumudwe. Nawonso pa nthawi yawo sankalola aliyense kugwira ambulansi. Chimene chinawagwira mtima chinali china: kompyuta m'galimoto? Imakhala pati, ndipo imalemba chiyani?

Loweruka lotsatira Tawina sanapite kuntchito, ndipo a Chadewa anatsegula boneti kwa nthawi yoyamba. Iwo anazolowera injini yoonekera zonse, yoti ukhoza kuloza chala n'kunena kuti mafuta amalowa apa, moto umachokera apa. Iyi inali yovindikiridwa ndi pulasitiki wakuda mbali zonse ngati katundu wa paulendo. Anafunafuna kabureta, sanaipeze. Batire anaipeza, koma inalibe zitsekerero zothirira madzi.

"Mayi Ursula! Nanga batire iyi imamwera pati?"

Ursula anaseka mpaka kugwira mpanda. Anati mabatire a masiku ano samwa, amangofa tsiku limene afuna, ndipo amakonda kufa m'mawa wozizira woyamba. Zimenezo a Chadewa anavomereza ndi mutu. Ku Bembeke mu Juni ankagoneka ambulansi pamtsetse, kuti batire ikakana m'mawa angoimasula n'kuilizira m'giya.

"Iyi ndiye musayese," anatero Ursula. "Ndi ya otomatiki. Mungaikankhe mpaka ku doko, siilira."

Galimoto yosakankhika! A Chadewa anaiyang'ananso ndi maso ena, ngati munthu amene wauzidwa kuti mnzake wa nthawi yaitali sadya nyemba.

Masabata awiri otsatira anali okoma kuposa onse chifikire. Tawina akaweruka, iwo ndi Ursula ankatenga chinthu chimodzi patsiku, aliyense ali mbali yake, zida akupatsirana pamwamba pa mpanda. Batire anaiyeza ndi kachipangizo ka Ursula, inapezeka ikadali ndi mphamvu. Mawaipa atsopano anagula Tawina, ndipo a Chadewa anawaika okha atalimbana ndi kambedza kake kwa nthawi ndithu. Anayang'ana mizere ya matayala, anakapopa mpweya, anapukuta magalasi a nyali amene anali atachita chikasu, ndipo anaimika Tawina kumbuyo kuti azinena ngati nyali za mabuleki zikuyaka. Pa nkhani ya mvula yoyamba okalamba awiriwo anagwirizana popanda womasulira: kuti phula limene lamwa mafuta ndi fumbi miyezi yonse ya dzuwa limasanduka therere likangonyowa. Onse awiri anamuuza Tawina zimenezi, aliyense kangapo, mpaka iye anati, "Ndamva, Ababa. Ndiye ndili ndi makolo awiri tsopano?"

Timvula tinayamba mu Meyi, ndipo mawaipa anasesa galasi bwinobwino popanda kulira. A Chadewa ankaima pakhonde atavala jekete la mkamwini, akuonerera mvula yozizira ngati madzi a m'firiji, akupukusa mutu. Chakumapeto kwa mweziwo kunabwera chimphepo chenicheni. Chinagwetsa mipanda, chinagubuduza migolo ya zinyalala m'misewu, ndipo mvula inagwa chopingasa.

Tsiku lotsatira Tawina anabwera kuntchito nkhope itagwa. Anaika pathebulo chikwama chonyowa chimene chinkadontha.

"Ababa, munachita chiyani ndi galimoto ija?"

Anafotokoza kuti m'mawa anaika chikwamacho pansi, kutsogolo kwa mpando wa wokwera, ndipo pofika kuntchito anachitola m'chithaphwi. Kapeti yonse mbali imeneyo inali madzi okhaokha. Magalasi anachita nthunzi mkati moti anayenda zenera lili pululu, mphepo ikumubaya m'khutu, dzanja lina likupukuta galasi ndi mpango.

"Zaka zonsezi sinalowepo madzi," anatero Tawina. Sanawonjezere, koma a Chadewa anamva zotsalazo. Galimoto inali bwino mpaka tsiku limene iwo anaitsegula.

"Apongozi wawauza?"

"Ayi. Ndiwauza chiyani?"

A Chadewa anayendanso m'maganizo monse mmene manja awo anadutsa, osapeza pamene akanaboola. Koma pansi pa manyaziwo panali kanthu kena kamene kankawatekenya. Zitseko zinali zotseka, magalasi otseka, denga lopanda bowo. Nanga madziwo anadzera pati?

Anayamba ndi zitseko. Anakhazika Tawina mkati, iwo n'kumakhuthula ndowa pachitseko, pagalasi, padenga. Mkati simunalowe ndi dontho lomwe. Ursula anati mwina ndi hita ikudontha, poti mapaipi ake amadutsa chakomweko. A Chadewa anaviika chala m'kapeti n'kulawa.

"Igi! Lavulani! Madzi a rediyeta ndi poizoni!"

Analavula, koma anali atamva kale. Madzi a rediyeta amatsekemera ndipo amaterera m'zala. Awa anali madzi wamba, owawira pang'ono. Ursula anakweza mapewa. Nzeru zake zinathera pomwepo, anatero, ndipo chotsala n'kupita nayo kugalaja. Koma kugalaja kukanafunika kuuza mwini wake.

Anaumitsa kapeti ndi matawulo akale, mvula inagwanso, madzi anabwereranso. Apo a Chadewa anaganiza kuti wakuba wobwera ndi mvula umamudikira mvula ikugwa. Loweruka masana, mitambo itabwera bii kuchokera kunyanja, anatenga tochi n'kukalowa m'galimoto. Anakankhira mpando kumbuyo, anagona chagada, miyendo pampando, mutu pansi pa dashibodi. Tawina anasuzumira pazenera la nyumba, anaona nsapato za bambo ake zili m'mwamba, n'kungotseka katani.

Mvula inayamba. Kwa nthawi yaitali sikunachitike kanthu, koma khosi kuwawa ndi magazi kuthamangira kumutu. Anali pafupi kudzuka pamene anamva kaphokoso kuseri kwa dashibodi, chubwi, chubwi, ngati madzi m'chikho chogwedezeka. Anatchera khutu. Kenako kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala kunatuluka dontho, linakula, linanjenjemera pa kuwala kwa tochi, n'kuwagwera patsaya. Linatsatira lina, ndi lina, mpaka kamtsinje.

Anapukuta tsaya n'kununkhiza chala. Fungolo ankalidziwa, koma linali lochokera kutali moti anachedwa kulipeza. Kenako anaona malemu akazi awo atanyamula mphika wowira ndi bulangeti, akuwakakamiza kufunda kuti chimfine chituluke. Masamba a bulugamu!

Anadzuka movutikira n'kuyang'ana kumwamba kudzera pagalasi. Chimtengo chimene galimoto inkagona pansi pake chinali kuweyula nthambi, masamba ake aatali akugwa limodzilimodzi, kutsetsereka pagalasi, n'kukalowa m'timipata ta chivindikiro chakuda chimene chili m'munsi mwa mawaipa.

Mvula itakata anathamangira kumpanda osasintha n'zovala zomwe.

"Mayi Ursula, mtengo uwu kwathu ulipo. Timautcha bulugamu. Nanga unafika bwanji kuno?"

"Unafika?" anatero Ursula. "Kwawo n'kuno. Ya kwanuko ndiyo inachokera kuno."

A Chadewa anatsegula pakamwa. Mitengo imene anakula akuiona m'mphepete mwa misewu ya Dedza, imene anamangira denga la nyumba yawo, imene ankaiyesa ya makolo, inali yobwera ngati iwo omwe. Anafuna kufunsa kuti anaitenga ndani, pa chombo chanji, koma Ursula anawabweza ku nkhani ya madzi, ndipo atamva za masamba aja anadzimenya pamphumi. Anati pansi pa chivindikirocho pali ngalande yolandira madzi otsika pagalasi, ndipo payenera kukhala bowo lowatulutsa. Galimoto yake imagona m'khumbi, ndiye sanaganizeko.

M'mawa mwake kunacha bwino. Ursula anabwera mpaka pamsewu, ataima cha kumbuyo, akulozera. Chivindikirocho chinagwidwa ndi timabatani ta pulasitiki. A Chadewa anatizula mosamala ndi nsonga ya sikuludilaiva, koma kamodzi kanati thyo, n'kudumphira m'udzu. Kubwerera kunalibe. Atangotukula chivindikiro, munatuluka kangaude wotambalala ngati chikhatho, wa miyendo yaubweya, anathamanga pagalasi n'kukaima padenga. A Chadewa anapezeka ali tsidya lina la msewu osadziwa kuti awoloka liti.

"Ameneyo ndi mnzathu, amadya mphemvu," anatero Ursula akupukuta misozi ya kuseka. "Woopsa ndi kakang'ono kakuda, ka banga lofiira pamsana. Valani magolovesi."

Anavala, ndipo anasuzumira. M'ngalandemo munali manyowa akuda bii, ofewa, oti munthu wa dimba akanawalirira. Masamba a zaka zingapo anawolerana mmenemo pamodzi ndi tizipatso touma ta mtengowo tooneka ngati timiphika, ndipo pamwamba pake panali madzi odikha. Mbali ya wokwera anaona pakamwa potakasuka polowera mpweya wopita mkati mwa galimoto. Zonse zinamveka tsopano. Ngalande ikadzaza, madzi ankasefukira pakamwapo. Ndowa zawo zija zinalephera chifukwa zinali zochepa, pamafunika mvula yogwa nthawi yaitali. Ndipo chimphepo chija ndicho chinabweretsa masamba omaliza otseka bowo.

Anakumba ndi manja, anadzaza theka la ndowa. Bowo lenilenilo analipeza pakona, pansi penipeni, lotsekeka ngati mphuno ya chimfine. Anawongola waya wopachikira malaya n'kuyamba kutokosa pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi kunamveka kukhwekhwereza, madzi a m'ngalande anazungulira n'kutsika, ndipo kuseri kwa tayala lakutsogolo kunatuluka mtsinje wakuda n'kukhuthukira pamsewu.

"Tawina! Tawina, tabwera udzaone!"

Tawina anatuluka ndi nkhawa, napeza bambo ake akuthira ndowa ina m'ngalande n'kuthamangira kutayala kukaona madzi akutuluka, kubwerera, kuthiranso, akuseka ngati mwana wa pachitsime. Iwo anamuonetsa manyowa aja.

"Ndiye si inu, Ababa."

"Ndi mtengo."

"Pepani. Ndinalankhula msanga."

"Ukanapanda kulankhula bwenzi ukuyendabe m'dziwe," anatero iwo, ndipo manyowawo anakathira mumpiru.

Madzi analeka kulowa, koma kapeti inachedwa kuuma, ndipo m'mawa uliwonse magalasi ankachitabe nthunzi. Ursula anati Tawina aziyatsa eyakoni pamodzi ndi hita, n'kulozetsa mpweya pagalasi. A Chadewa anakana kuti zimenezo sizingatheke. Eyakoni ndi ya kuziziritsa, hita ndi ya kutenthetsa, kuziyatsa pamodzi n'chimodzimodzi kuponda buleki ndi mafuta nthawi imodzi. M'mawa wina anadzuka ndi Tawina, anakhala pampando wa wokwera atafunda bulangeti, n'kumuuza kuti ayese hita yokha. Nthunzi inangosuntha pang'ono. Atadina batani la eyakoni, galasi linayamba kuyera kuchokera pansi kukwera m'mwamba ngati munthu akuvula malaya.

"Nanga zatheka bwanji?"

"Sindikudziwa, Ababa, ndachedwa. Tsikani."

Ursula nayenso sankadziwa. Anati iye amangodziwa kuti zimagwira ntchito. Funsolo linakhala nawo masiku ambiri, likuwatsata kumunda ndi kubafa komwe, mpaka Tawina anatopa. "Apongozi anu akubwera Lachinayi. Zamagetsi ndi zawo. Mukawafunse."

Luwayo anafika mu Juni, wotopa, ndevu zitakula. Moni unayenda monga mwa masiku onse. A Chadewa anadikira kuti munthu apume, anakonza funso lawo, analisiya, analikonzanso. Mpaka m'mawa wina anamupeza panja akuyang'ana mawaipa atsopano aja, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Apongozi, pepani. Nanga chinthu choziziritsa chimachotsa bwanji nthunzi kukuzizira?"

Luwayo anawayang'ana modabwa, kenako anati, "Tadikirani, Bambo." Analowa m'nyumba n'kubwera ndi botolo la madzi la m'firiji, naliika pa boneti. Posakhalitsa botololo linachita thukuta kunja.

"Madzi awa achokera kuti, Bambo? Botolo silikudontha."

"Mumpweya," anayankha a Chadewa pang'onopang'ono.

"Basi. Mkati umo muli mapaipi ozizira ngati botolo ili. Mpweya wonyowa ukadutsapo umasiya madzi ake pamenepo. Kenako umadutsa pa hita, umatentha, ndipo umafika pagalasi uli wouma ndi waludzu. Ndiye umamwa nthunzi ija."

"Ndiye kadziwe kaja kamene kamatsala pansi pa galimoto kukatentha..."

"Ndi madzi omwewo."

A Chadewa anaomba m'manja kamodzi, mwamphamvu. Kenako anatsegula boneti okha, pamaso pa mwini wake, n'kumuonetsa ngalande ija, bowo lija, ndi pamene anamanga ndi kawaya m'malo mwa kabatani kothyoka. Anafotokoza zonse kuyambira pa chikwama chonyowa. Luwayo anawerama, anasuzumira, analowetsa chala.

"Ine zaka zonsezi sindimadziwa kuti pali bowo apa," anatero. "Ndipo munagona pansi pa dashibodi mvula ikugwa?"

"Miyendo m'mwamba."

Luwayo anayesa kubisa kuseka chifukwa cha ulemu, koma kunamupulumuka, ndipo a Chadewa anaseka naye. Atatha, mkamwini anachotsa yekha chivindikiro china pambali pa batire n'kuwaonetsa kabokosi kachitsulo kokhala ndi mtolo wa mawaya. Imeneyo ndiyo inali kompyuta. Sinkalemba kanthu, anatero, inkangomvetsera injini n'kumaipimira mafuta, ntchito imene kale inali ya kabureta ndi khutu la dalaivala.

"Ndiye dalaivala watsala ndi chiwongolero chokha," anatero a Chadewa.

"Kumgodi kwathu n'chiwongolero chomwe chinapita, Bambo. Kuli malole aakulu kuposa nyumba iyi, tayala lake lokha kutalika kuposa inu ndi ine titaberekana. Amanyamula miyala usana ndi usiku, mkati mulibe munthu."

"Mulibe ndani?"

"Dalaivala. Mpando ulipo, koma uli mbee. Amawayang'anira anthu okhala pa makompyuta konkuno ku Perth."

A Chadewa anakhala pansi pa kampanda ka njerwa. Nanga ikakumana ndi ng'ombe panjira? Imaima yokha. Nanga ikakumana ndi inzake pamphambano, ndani amapatsa mnzake njira? Zimauzana. Nanga tayala likaphulika imadziwa bwanji? Nanga ikalakwitsa, bwana amakalipira ndani? Luwayo anayankha zimene ankadziwa, zina anati akafunsa, ndipo anakhala pansi nayenso. Tawina anawaitana kuti tiyi wazizira, anawaitananso, kenako anangowabweretsera makapu panja pomwepo.

A Chadewa anakhala ku Perth mpaka chakumapeto kwa chaka chotsatira, pamene njira za ndege zinayamba kutseguka. Pofika nthawi imeneyo Luwayo ankati akaimba foni kuchokera kumgodi, amalankhula ndi mkazi wake pang'ono n'kufunsa ngati Bambo ali pafupi.

Atabwerera ku Bembeke, nkhani ya malole opanda dalaivala anaifotokoza pa sitolo ina pamene madalaivala opuma ntchito amakonda kukhala. Palibe anakhulupirira. A Ishmael, amene anayendetsa mabasi a usiku zaka zambiri, anati ulendo wa pa ndege umasokoneza mutu wa munthu wamkulu. Choncho a Chadewa anatumiza uthenga kwa apongozi, ndipo patapita masiku kunabwera kanema pa foni: chilole chachikasu chikukwera chitunda cha dothi lofiira, chikukhota bwinobwino pakona, pagalasi pakuoneka mpando wopanda munthu.

Foni inayenda m'manja mwa onse. A Ishmael anaonera kawiri, anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, kenako anaibweza.

"Wawerama," anatero. "Dalaivala wake wawerama pansi. Ifenso tinkatero tikaona apolisi."